Nkhani Imene Ndinakhoma pa Bolodi

Ndagwira ntchito m'laibulale kwa zaka zambiri, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndinganene mosadzikayikira kuti ndimachitha: kunyengerera mwana mpaka akonde buku. Sindinachiphunzire ku kosi. Ndinachiphunzira pa holide ina yaitali, m'kalaibulale kathu ka ku Limbe, kufupi ndi msewu wolowera ku Kanjedza, ndipo pophunzirapo ndinalakwira mwana wa eni ake.

Laibulale yathu ndi chipinda chimodzi chachikulu, kachipinda kena kosungiramo mabuku ong'ambika, ndi bwalo la kuseri kumene kuli mtengo wa mapeyala. Sukulu zikakhala zotsegula, mabenchi amadzaza ndi ana okonzekera mayeso. Zikangotsekera, mumatsala abambo owerengeka obwera kudzawerenga nyuzipepala, ambiri mwa iwo akufufuza tsamba la ntchito. Masiku amenewo ana aang'ono ankangosuzumira pa zenera. Akayesa kulowa, alonda ankawabweza pakhomo chifukwa cha mapazi a fumbi.

Tsiku lina, kutatsala sabata ziwiri kuti sukulu zitsekere, ndinalowa mu ofesi ya abwana athu, bambo wachikulire wokonda bata kuposa china chilichonse.

"Abwana, holide ikubwerayi ndikufuna ana azibwera kudzawerenga m'mawa uliwonse."

"Ana ake ati?"

"Omwe amasuzumira pa zenerawa."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mayi, pakhomopo tinalemba kuti chiyani?"

"Tinalemba kuti anthu azikhala chete. Koma ife tizikhala kuseri, pansi pa mtengo. Akasokoneza owerenga nyuzi mudzandiuze, ndidzasiya tsiku lomwelo."

"Nanga mabuku akang'ambika?"

"Ndidzamata. Ndimamata kale ong'ambidwa ndi akuluakulu."

Anaseka pang'ono, n'kuvalanso magalasi aja. Kwa iwo kumeneko kunali kuvomera.

Ndinalemba zikwangwani pamanja, ndinapempha matchalitchi atatu kuti alengeze, ndipo ndinauza amayi amene ndimagulako tomato mu msika wa Limbe. Tsiku loyamba ana anabwera ambiri moti mikeka imene ndinabwereka sinakwane, ena anakhala pa makatoni. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwomba ndi fumbi lomwe, ana ambiri milomo itasweka. Ndinaika ndowa ya madzi ndi sopo pachipata kuti aliyense asambe m'manja asanagwire buku. Ndinkayamba ndi kuwawerengera nkhani mokweza, ndikusinthasintha mawu, pena a nkhalamba, pena a galu. Kenako aliyense ankasankha buku lake. Wosatha kuwerenga ankayang'ana zithunzi, n'kubwera kudzandifotokozera zimene zikuchitikamo. Mwana akamaliza buku ndinkamudindira chidindo cha laibulale pa kakhadi kake, ndipo phokoso la chidindocho ankalikonda kwambiri moti ena ankandipempha kuti ndiwadinde pamkono.

Ndi ana aang'ono zonse zinayenda monga ndinkaganizira. Amene anandivuta anali a ku sekondale. Ankabwera ndithu, anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi atsikana angapo, koma ankakhala pa kampanda ka njerwa pafupi ndi chipata, onse ataunjikana pa foni imodzi. Nditawaitana, mmodzi wamtali, wa tsitsi lometa m'mbali, anandiyankha mwaulemu ndithu.

"Zimenezo n'za ana, madamu. Ifeyo zimatibowa."

Panali mtsikana wina amene sanali wa gulu lililonse mwa awiriwa. Anali wa zaka khumi ndi zisanu, wa Folomu 2, wochepa thupi, wosakonda kuyankhula. M'mawa uliwonse ankabwera ndi alongo ake aang'ono awiri, kuwasambitsa m'manja, kuwakhazika pa mkeka, iye n'kukaima motsamira khoma mpaka titamaliza. Nditamufunsa anandiuza kuti kwawo ndi ku Nsanje, ndipo amayi ake amagwira ntchito yosoka matumba pa fakitale ina ku Makata. Ankanyamuka m'mamawa, kukwera minibasi ziwiri, n'kumabwera dzuwa litapendeka. Choncho pa holide anawo ankawasamala ndi iyeyo. Za abambo ake sananene kanthu, inenso sindinafunse.

Ndinaona kuti ngakhale ankaima patali, ankamvetsera. Ndikafika pamene nkhani yapusa, mwina mfumukazi yakhululukira mbala popanda chifukwa chomveka, ankakwinya pamphumi ngati munthu amene wanamizidwa.

Sabata yachiwiri ndinalowa m'kachipinda ka mabuku ong'ambika kukafuna makatoni ena okhalira. M'katoni imodzi ndinapezamo buku la nthano yaitali ya m'Chichewa, lopanda chikuto, lopanda dzina la wolemba, masamba ake atathothoka. Ndinayamba kuliwerenga nditaimirira. Inali nkhani ya bambo amene anapita m'tauni kukafuna ntchito, n'kusiya kulemba makalata. Patapita nthawi mkazi wake anatenga ana n'kumulondola. Anafunsira njira kwa anthu osiyanasiyana mpaka anaipeza nyumba. Anagogoda pachitseko, ndipo bukulo linathera pomwepo. Masamba otsiriza anali atadyedwa ndi chiswe.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chochita nalo. Ana aang'ono atayamba kuwerenga paokha, ndinatenga mpando n'kukaukhazika pafupi ndi kampanda kaja. Ndinaitana mtsikana wa ku Nsanje uja.

"Tabwera undigwirire masambawa, mphepoyi ingandiulutsire."

Anabwera n'kukhala pambali panga. Ndinayamba kuwerenga mokweza, ngati ndikuwerengera iye yekha, osawayang'ana n'komwe a pa mpanda aja. Tsiku limenelo ndinawerenga mitu itatu. Mawa lake foni ija inatsitsidwa mawu. Tsiku lachitatu inalowa m'thumba, ndipo atsikana awiri anatsika pa mpanda n'kukhala pansi. Nditafika pa tsamba lotsiriza ndinawerenga kuti mayi uja anagogoda, kenako ndinasonkhanitsa masambawo n'kuimirira.

"Ndiye zinatha bwanji?" anafunsa mnyamata wamtali uja.

"Sindikudziwa. Chiswe chinadya."

"Aaa, madamu, musatipange zimenezo."

"Taona wekha." Ndinamupatsa masambawo, anawatembenuza uku ndi uku.

Mkangano unayamba pomwepo. Wina ankati bamboyo anamwalira kalekale, wina ankati ali kundende, wina ankati analemera ndipo akawakana. Ndinawasiya akangane mpaka atatopa, kenako ndinalowa m'kati n'kubwera ndi mapepala ndi zolembera.

"Aliyense alembe mathero ake. Palibe kuchonga, palibe malikisi. Lembani m'chiyankhulo chimene mumalotera."

Umu ndi mmene ndinawapezera ana a ku sekondale aja. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera ndi zolembera zawozawo, ndipo ena anayamba kulowa m'kati kukafufuza pa mashelefu kuti aone mmene mabuku ena amathera.

Mathero amene anandibweretsera anali osiyanasiyana. Mnyamata wamtali uja analemba za apolisi, mfuti ndi galimoto zothamangitsana kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Chichiri. Wina analemba kuti bamboyo anali atasanduka mneneri. Mtsikana wa ku Nsanje uja anabweretsa zake pomalizira penipeni, anzake atapita. Anali masamba asanu ndi limodzi, olembedwa mbali zonse ndi zilembo zing'onozing'ono, opindidwa kanayi. Anandipatsira m'manja, n'kutenga alongo ake n'kumapita.

Ndinawerenga pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo chakudya changa chinazizira. M'nkhani yake, amene anatsegula chitseko anali mkazi wina, atavala juzi imene mayi wa kumudzi uja analukira mwamuna wake ndi manja ake. Bamboyo anali kuntchito, ku fakitale ya ku Makata, kumene makina anamudula chala chapakati. Mkazi wa m'tauniyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwauza kuti kuno si kumudzi, kenako anakhuthula madzi otsukira mbale pafupi ndi mapazi awo. Mwana wamkazi wa m'nkhaniyo anali atanyamula nkhuku imene anabweretsera abambo ake, ndipo nkhukuyo inkapuma wefuwefu m'khwapa mwake. Mayi uja anatenga ana ake n'kupita nawo pa mpopi wa m'deralo. Anawasambitsa kumaso mmodzimmodzi, kenako anawafulatira n'kuwerama, n'kumadzithira madzi kumaso nthawi yaitali kuti ana asaone kuti akulira.

Ndawerengapo mabuku ambiri osindikizidwa amene sangafike pamenepa. Ndinasangalala, ndipo kusangalalako kunali kosakanikirana ndi kudzitama. Ndinkafuna abwana aone, ndinkafuna owerenga nyuzi aja aone zimene ana a pa zenera angathe kuchita. Ndinatenga masamba onse asanu ndi limodzi, ndinakawachititsa fotokope kuti mbali zonse zioneke, ndinalemba dzina la mtsikanayo pamwamba ndi cholembera chofiira, n'kuwakhoma pa bolodi la pakhomo pamene aliyense wolowa amadutsa. Sindinamufunse. Sindinadzifunsenso kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu anazidziwa bwanji za chala, za juzi, ndi za kapumidwe ka nkhuku.

M'mawa mwake anafika, anaona bolodilo, anaima kanthawi. Ndinamuyandikira ndikumwetulira.

"Waona? Yako ndiyo yaposa onse."

Anangoti, "Zikomo, madamu," n'kukakhala pansi. Tsiku lonselo sanagwire cholembera. Ine ndinkayesa manyazi chabe.

Masiku atatu oyamba nkhaniyo ili pa bolodi, mtsikanayo ankabwerabe. Anthu ankaima n'kumawerenga, ndipo pakati pawo panali mayi wina amene ankabwera kudzatenga mwana wake masana, wopemphera tchalitchi chimodzi ndi banja la mtsikana uja. Tsiku lachinayi mtsikanayo sanabwere, alongo akenso sanabwere. Lachisanu chimodzimodzi.

Loweruka timatseka masana. Chakumasana komweko, ndikubwezera mabuku pa mashelefu, alonda anadzandiuza kuti pakhomo pali mayi wina akundifuna. Ndinapeza mayi wamfupi, wa msinkhu ngati wanga, atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu ya kuntchito. M'manja mwake munali zipsera za singano. Tinapatsana moni, ndipo anandiuza kuti ndi amayi a mtsikana uja.

"Ndamva kuti mwapachika banja langa pakhoma," anatero. Sanakweze mawu.

Ndinatembenuka n'kuyang'ana bolodi lija, ndipo m'pamene ndinamvetsa.

"Amayi, ndimayesa ndi nkhani yopeka."

"Kutchalitchi kwathu palibe amene akuyesa yopeka. Bambo wa chala chodukayo aliyense amamudziwa."

Ndinazula mapini aja mmodzimmodzi, ndinachotsa mapepalawo, ndinatenganso masamba enieni a mwanayo m'dirowa yanga, n'kuwapatsa zonse ndi manja awiri.

"Ndalakwa ndine. Mwana sanandiuze kuti ndikhome. Anandipatsa ineyo, ine ndiye ndinatengera pagulu. Ngati pali womukalipira ndi ineyo, osati iyeyo."

Anayang'ana mapepalawo. "Ine sindinawerenge. Ndangomva za m'kamwa mwa anthu. Iye akukana kundiuza zimene analemba."

"Mukufuna ndikuwerengereni?"

"Ayi. Ndimawerenga ndekha, kungoti ndimachedwa. Pali poti ndingakhale?"

Ndinawalowetsa m'kachipinda ka mabuku ong'ambika, ndinawapatsa mpando, n'kutseka chitseko. Nthawi yotsekera laibulale inakwana, abwana anapita, ine ndinatsala ndikupukuta matebulo amene ndinali nditapukuta kale. Panapita pafupifupi ola lathunthu. Kenako anandiitana.

Ndinkayembekezera ukali, koma ndinawapeza atayala masambawo pa maondo, chala chili pa mzere wina.

"Apa wanama," anatero.

"Pati, amayi?"

"Apa pa madzi. Mayi ujatu sanatithire madzi, sanatitukwanenso. Atamva kuti ndine ndani anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira. Iyenso ananamizidwa kuti bamboyo alibe banja. Anatilowetsa m'nyumba, anaphikira ana tiyi. Juziyo anavula yekha n'kundipatsa. Ndi iyeyo amene anatiperekeza kwa abusa kuti tipeze pogona. Nkhukuyo ndinamusiyira ndekha."

Kenako anapitiriza.

"Bamboyo anadzamuthawanso iyeyo patapita chaka. Panopa mayiyo amagulitsa makala kufupi ndi kwathu, timapatsana moni, pa maliro timakhala mkeka umodzi. Tsono sabata ino anthu akumuloza chala kuti ndi uja anathira ana a mnzake madzi a mbale. Chandibweretsa ndi chimenecho. Za ine anthu anayankhula kalekale, anatopa."

"Nanga mwanayo analemberanji choncho?"

"Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana amafuna pakhale wina woipa woti amuone ndi maso. Abambo ake sanawaone tsiku limenelo, anaona mayi uja." Anatembenuza tsamba n'kuloza kumapeto. "Koma za pa mpopizi ndi zoona. Ndinkayesa sanaone."

Anapinda mapepalawo n'kuwaika m'chikwama. Ndinawapempha ngati angandilole kupita kwawo kukaonana ndi mwanayo. Anaganiza kaye, kenako anandilongosolera njira, n'kunena kuti ndifike Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

Ndinapita. Inali nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ina yaikulu, pabwalo posesedwa bwino, pali zitini za maluwa m'mbali mwa khoma. Alongo ake aja anandithamangira, koma mtsikanayo anapitiriza kuchapa, osadzutsa mutu. Amayi ake anatenga anyamatawo n'kulowa nawo m'nyumba. Ndinakhala pa njerwa pafupi ndi beseni lake.

"Ndabwera kudzapepesa," ndinatero.

Anafinya malaya n'kuwaponya m'ndowa. "Ndinalembera inuyo, madamu. Sindinalembere bolodi."

"Ndi zoona."

"Munanena kuti palibe kuchonga. Koma munachonga, munalembapo ndi chofiira."

"Ndi zoonanso. Ndinkafuna anthu aone kuti ntchito yanga ikuyenda, ndiye ndinagwiritsa ntchito nkhani yako. Sindinayenere kutero."

Anandiyang'ana koyamba. Ndikuganiza kuti sanayembekezere kuti munthu wamkulu angavomere mosazungulira. Kwathu kumene ndinakulira, ku Ndirande, sindikumbuka wamkulu aliyense akupepesa mwana, ndipo ndikuvomera kuti mawuwo anandilemera m'kamwa. Koma ndinali nditaganiza kale m'minibasi kuti sindikadziikira kumbuyo.

"Amayi akuti ndinanama," anatero patapita kanthawi.

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndimakumbuka madzi."

"Mwina madziwo analipo, mwina panalibe. Ine kunalibeko. Chimene ndikudziwa n'choti umatha kulemba, ndipo munthu wotha kulemba anthu amamukhulupirira. Ndiye chimene walemba chimakagwera munthu weniweni."

Anatenga malaya ena n'kuyamba kupaka sopo. Ndinamuuza kuti pa mkeka malo ake alipo, akafuna abwere, akapanda kufuna alongo ake ndizikawatenga ndekha pa siteji. Ndisanachoke, ndinapempha amayi ake kuti andiperekeze kwa mayi wogulitsa makala uja. Tinamupeza akupakira makala m'timapepala ta pulasitiki. Ndinadzifotokoza kuti ndine ndani, ndipo ndinamuuza kuti pepala limene lamuvutitsa ndinalikhoma ndine. Anandimvetsera, anapukuta manja pa chitenje, n'kunena kuti zamveka, anthu aiwala. Sanandipatse mpando, ndipo sindinadabwe.

Lolemba abwana anandiitana. Nkhani inali itawafika kudzera kwa alonda.

"Mayi, za ana aang'onozi pitirizani. Koma zolembalembazi zithe. Ife ntchito yathu ndi kubwereketsa mabuku, osati kuulula za m'nyumba za anthu."

"Abwana, cholakwika si kulemba. Cholakwika ndi chimene ndinachita ine. Ana amenewa sabata ziwiri zapitazo sankalowa n'komwe pachipata, lero akukanganirana mabuku. Ndikawaletsa kulemba abwerera pa mpanda."

"Nanga likabwera kholo lina?"

"Silibwera. Kuyambira lero palibe pepala la mwana limene ndidzakhome ndi dzanja langa. Wofuna kuti zake zioneke azikhoma yekha, ndipo tiziyamba takambirana ngati muli munthu weniweni amene angapwetekedwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mumakakamira, mayi inu."

"Pa ichi chokha, abwana."

Anandilola. M'mawa womwewo ndinasonkhanitsa ana a ku sekondale aja n'kuwauza lamulo latsopanolo. Ndinawauzanso chifukwa chake, kuti ndinakhoma nkhani ya mnzawo osamupempha ndipo ndinalakwa, osalowa m'zambiri. Mnyamata wamtali uja anafunsa ngati angakhome yake ya apolisi ija. Ndinamupatsa mapini, ndipo anaikhoma mokhota, pakatikati pa bolodi.

Alongo a mtsikana uja anabwera tsiku lomwelo, ataperekezedwa ndi mwana wa aneba. Mwini wake anabwera Lachinayi. Anasambitsa anyamatawo m'manja monga kale, koma sanakatsamire khoma. Anapita kukakhala ndi anzake, n'kutenga pepala. Kwa ine ankangoyankha moni. Zimene ankalemba sanandionetsenso, ndipo sindinamufunse.

Sabata zotsalazo zinali zabwino kwambiri pa holide yonseyo. Ana a ku sekondale aja anayamba kuwerengerana zolemba zawo n'kumatsutsana. Anatulukira okha masewera ena: wina ankawerenga tsamba loyamba la buku lililonse la pa shelefu, anzake n'kumalosera mathero, kenako wina ankalibwereka kuti akaone amene walondola. Mabuku amene anakhala zaka osatsegulidwa anatuluka panja. Ana aang'ono nawo makhadi awo anadzaza zidindo mpaka kuseri. Mmodzi mwa abambo owerenga nyuzi aja, amene poyamba ankadandaula za phokoso, anayamba kutulutsa mpando wake panja nthawi ya nthano, nyuzipepala ili pamaondo, akunamizira kuothera dzuwa.

Loweruka lomaliza tinaitana makolo. Tinayala mikeka yonse, tinabwereka mabenchi kutchalitchi cha pafupi, ndipo aliyense wofuna anaimirira kuwerenga. Dzulo lake mtsikana uja anali atabwera pa tebulo langa n'kunena kuti nayenso awerenga. Ndinangolemba dzina lake pa ndandanda.

Amayi ake anafika mwambo uli pakati, atachokera kuntchito, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Nthawi yake itakwana, mtsikanayo anaimirira ndi pepala limodzi lokha. Mawu ake anayamba motsika, moti ndinachita kumukodola kuti akweze. Anawerenga za oitanira minibasi pa depoti ya ku Limbe, mmene awiri amakanganirana munthu mmodzi, wina atagwira chikwama wina atagwira mkono, mpaka munthuyo kupezeka wakwera galimoto yopita kumene sakupita. Anawatsanzira mayankhulidwe awo bwinobwino, kuphatikizapo mmene amatchulira aliyense kuti bwana, ngakhale mwana wa sukulu. Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Amayi ake anaseka atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Titamaliza, anthu akubalalika, mayiwo anabwera kudzandigwira dzanja. Anandithokoza m'Chisena, mawu amodzi okha, "Takhuta," kenako anaitana ana awo n'kumapita.

Kuyambira chaka chimenecho sindinaphonyepo holide yaitali. Mtsikana uja anabweranso zaka ziwiri zotsatira, mpaka analemba mayeso a Folomu 4. Pang'ono ndi pang'ono anayambanso kundiyankhula, ngakhale kuti sanandipatsenso pepala lililonse lopinda. Kenako banja lawo linasamukira ku Chirimba, kufupi ndi kuntchito kwa amayi ake, ndipo tinasowana.

Ndinakumana naye mosayembekezera chaka chatha, m'minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Blantyre. Anali atavala ovolosi ya buluu, atanyamula chikwama cha zida. Ndi iye amene anandizindikira. Anandiuza kuti akuphunzira ntchito ya zamagetsi, ndipo alongo ake aja ali ku sekondale. Ndinamufunsa za amayi ake, anati ali bwino, koma maso ayamba kuwavuta. Ndinamufunsa ngati amalembabe.

"Mwa apo ndi apo," anatero. "Nkhani ija ndinailembanso, madamu. Tinakhala pansi ndi amayi, iwo akunena zawo, ine zanga. Inafika masamba makumi awiri."

"Munagwirizana?"

"Pena ayi. Pamene tinasiyana ndinalemba zonse ziwiri."

Ndinkafunitsitsa kuiwerenga, koma sindinapemphe. Tinacheza za mitengo ya zinthu ndi za msewu umene ankaukonza, mpaka kondakitala anagogoda denga pa siteji yake. Anatsika, anakonza chikwama paphewa, n'kuwoloka msewu mothamanga kuti asachedwe ku kalasi.